Pamsika, m'shopu, pafoni kapena belo lonse: kaunjika wopulumutsa ndalama ndi uti?

Mwezi wa Meyi ukamatha, mwera ukayamba kulowa m'nyumba podzera pansi pa chitseko, kwathu nkhani imakhala imodzi: majuzi a ana. Ndili ndi ana atatu. Wamng'ono amalandira ya mkulu wake, koma awiri enawo ndiye ulendo wa ku kaunjika. Ndaveka banja langa motere kwa zaka zambiri ndipo sindichita nazo manyazi. Chimene chimandipweteka ndi kuona mnzanga atataya ndalama yake akuganiza kuti wapulumutsa, chifukwa choti wagula chinthu choyenera pamalo posayenera, kapena wathamangira mtengo wotsika osafunsa kuti chinthucho chikhala naye miyezi ingati.

Kale kaunjika anali wa aliyense. Lero sizili choncho. Zovalazi zimachokera ku Ulaya, ku America, ku Canada ndi ku China, zimatsikira pa madoko monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo woitanitsa amalipira madola, kenako msonkho ndi thiransipoti. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo lidakwera, ndipo kukwerako kudatsikira pa juzi ya mwana wanga. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula mtengo wa mabelo. Ogulitsa akalira chotero, ogula tisayembekezere kuti tingotola zotchipa mwamwayi ngati kale. Tsopano pafunika kudziwa kuti chakuti ndikagula kuti, tsiku liti, ndipo chakuti ndisachigule n'komwe chogwiritsidwa kale ntchito.

Njira zimene ndaziyesa ndi zinayi: pamsika, m'shopu za mtengo wolembedwa, kwa ogulitsa pafoni, ndi kugula belo lonse. Ndionjezapo mashopu a zovala zatsopano zotchipa, chifukwa ndiwo amene timawayerekeza ndi kaunjika tikaima pamsewu ndalama ili m'manja.

Pamsika, belo likamatsegulidwa

Ndiyambe ndi kumene mtima wanga uli. Ku Lilongwe ndimapita ku msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumene umaoloka timilatho tamitengo utalipira kandalama. A ku Blantyre ali ndi Limbe ndi Ndirande, a kumpoto ali ndi msika wa Mzuzu. Kulikonseko kachitidwe kake n'kamodzi. Wogulitsa amayala pulasitiki kapena masaka pansi, amadula malamba omanga belo, zovala zopanikizikazo zimatukumuka ndi fungo lake lija lodziwika, ndipo manja khumi amalowamo nthawi imodzi.

Amene amalowa moyambawo ambiri si ogula ngati ine ndi inu. Ndi osankha, anthu amene ntchito yawo ndi kutola zabwino kwambiri n'kukazichapa, kuzisita, kuzipachika pa hang'ala kapena kuzijambula pafoni, n'kugulitsanso mokwera. Amadziwana ndi mwini belo, ndipo nthawi zambiri amauzidwiratu tsiku. Apa ndi pamene pagona nkhani ya pamsika: belo limodzi lili ndi mitengo ingapo. Tsiku lotsegula, wogulitsa amafuna kubweza ndalama ya belo pa zovala zoyambirira, ndiye salola kutsitsa kwenikweni. Masiku otsatira mulu umachepa, zokongola zapita, mtengo umatsika. Pomaliza zimatsala zija amazifuulira pa mtengo umodzi, kuti apeze yokaonjezera pa belo lina.

Ndiye mufike liti? Zimatengera chimene mukufuna. Ngati ndi jekete yolimba, suti ya kuntchito, nsapato zachikopa kapena bulangete, fikani tsiku lotsegula, m'mawa, ndipo lipirani mtengo wa tsikulo osadandaula. Zinthu zimenezi zabwino zake zimakhala zochepa m'belo ndipo sizigona. Ngati ndi zovala zosewerera ana, zakudimba, zogonera kapena matisheti apakhomo, dikirani mulu utsike mtengo. Mwana wa zaka zinayi wokwawa m'fumbi safuna chovala chosankhidwa poyamba.

Pali mayi wina amene ndakhala ndikugula kwa iye zaka zingapo. Ndikafika ndimayamba ndi moni, osati ndi mtengo. “Mwadzuka bwanji mayi, malonda akuyenda?” Iwo amayankha kuti, “Pang'onopang'ono asisi, ana ali bwanji? Wamkulu uja ndiye watalikatu, eti?” Amadziwa misinkhu ya ana anga. Akakhala kuti atsegula belo la majuzi amandiimbira dzulo lake. Chaka china adandisungira jekete ya mwana wanga wamwamuna pansi pa thumba limene amakhalira, yabuluu, yaubweya m'kati, zipi yake yachitsulo. Idavalidwa ndi ana awiri, ndipo lero ili ndi mwana wa mlongo wanga kumudzi. Ubale wotere sungaupeze m'shopu ngakhale pafoni, ndipo umapulumutsa ndalama kuposa kunenerera kulikonse. Nchifukwa chake sindinenerera mpaka kumufinya wogulitsa. Ndimatchula mtengo wanga mwaulemu, tikumana pakati, ndipo ndikagula zingapo ndimapempha kuti andichotsereko pa zonse pamodzi.

Kuipa kwa pamsika n'koonekeratu. Palibe poyesera, palibe kubweza, ndipo m'chipwirikiti maso amanama. Choncho chovala chilichonse ndimachitembenuza kunja kukhale m'kati. Ndimayang'ana m'khwapa, pakolala, pakati pa miyendo ya buluku ndi m'matumba. Ndimachikweza kudzuwa kuti timabowo tioneke. Ndimakoka msoko pang'ono kuti ndimve ngati ulusi udakali wamoyo. Zipi ndimaikweza ndi kuitsitsa kawiri. Lasitiki ya m'chiuno ikalira ngati masamba ouma poikoka, yatha, ngakhale chovalacho chioneke chatsopano. Batani losowa kapena msoko wosomoka si vuto, telala wa pakhonde la sitolo akonza ndi ndalama yochepa, ndipo chilemacho chimakupatsani poyambira kunenerera. Koma banga la mafuta, la utoto kapena chikasu cha m'khwapa musadzinamize kuti chichoka ndi sopo. Chikadakhala chochoka, mwini wake woyamba akadachichotsa.

Za saizi, musakhulupirire nambala yokha, chifukwa maiko amawerenga mosiyana. Nsapato ya 8 ya ku Britain ndi pafupifupi 42 ya ku Ulaya, pamene ku America nsapato yomweyo ya abambo amailemba 9. Ine ndisanachoke pakhomo ndimamuimika mwana pa katoni, n'kujambula phazi lake, n'kudula. Kakatoniko ndimakalowetsa mu nsapato pamsika. Amayi athu ankathyola kamtengo kapena kudula chingwe molingana ndi phazi, ndipo nzeru yake ndi yomweyo. Buluku ndimalizunguliza m'khosi: chiuno chake chikakumana kumbuyo kwa khosi, kawirikawiri limakwana. Pa nsapato pindani soli muone ngati ikung'aluka, ndipo yang'anani m'mphepete ngati yamatidwa kumene ndi guluu n'kupakidwa polishi wambiri wobisa ming'alu.

Musaiwale kuwerengera minibasi kapena kabaza popita ndi pobwera, komanso theka la tsiku limene mwataya. Kupita ku Tsoka kuchokera ku Area 25 kukagula sikipa imodzi si kupulumutsa. Pitani ndi mndandanda wa banja lonse, ndalama mutaigawa m'matumba awiri, foni ili pobisika.

Misika ya tsiku m'ma trading centre, monga ku Mitundu, ku Lunzu kapena ku Jenda, ndi mphukira ya njira yomweyi. Ambiri ogulitsa kumeneko amakapikula m'tauni, kotero zosankhika kwambiri sizifikako kawirikawiri, koma mitengo imatsatira thumba la mlimi ndipo madzulo, wogulitsa akamaganiza zomanganso katundu pa njinga, amafewa. Nthawi yokolola, anthu akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, mitengo imauma. Amene angathe agule majuzi mu Okutobala kukutentha, pamene palibe akuwafuna.

M'shopu za mtengo wolembedwa

Apa dzina limene aliyense amalidziwa ndi DAPP. Bungweli lidayamba ntchito m'Malawi mu 1995, lili m'gulu la Humana People to People, ndipo ndalama za m'mashopu ake a zovala zimathandiza ntchito zake, monga makoleji a aphunzitsi ku Chilangoma, Amalika, Dowa ndi Mzimba, komanso sukulu ya ntchito zamanja ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Ku Zambia nakonso DAPP ili ndi mashopu otere. Palinso mashopu a anthu wamba amene atengera kachitidweka, zovala zopachikidwa bwino, mtengo uli pakapepala.

Ubwino wake woyamba ndi mtendere. Zovala zili pa mahang'ala, zagawidwa za abambo, za amayi, za ana. Ukhoza kuchiona chovala modekha, popanda wokukoka mkono kapena wokulanda m'manja. Kwa munthu amene sadziwa kunenerera, kapena amene maonekedwe ake amakweza mtengo akangofika pamsika, shopu imamuteteza. Bambo a kwathu ali m'gulu limeneli. Akavala malaya a kuntchito n'kupita pamsika, mtengo umene amauzidwa si umene ndimauzidwa ine. M'shopu tonse timalipira chimodzimodzi.

Chachiwiri n'chakuti m'mashopu otere mitengo imayenda ndi masiku. Katundu watsopano akalowa mtengo umakhala pamwamba, ndipo umatsika masiku akamapita mpaka atalowetsa wina. Funsani ogulitsa tsiku limene katundu amalowa ndi tsiku limene mtengo umafika pansi, amanena mosabisa. Nzeru yake ndi ija ya pamsika: chimene mukuchifunitsitsa gulani tsiku loyamba, zodzazira sutikesi ya ana dikirani masiku omaliza. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno zonse zili poyera, simufunika kukhala pa ubale ndi aliyense kuti mudziwe.

Koma tsiku la katundu watsopano osankha aja amabweranso kuno, ndipo mzere umayamba chitseko chisanatsegulidwe. Tsiku loyambalo mtengo ukhoza kufanana kapena kuposa wa pamsika, popeza shopu imalipira lendi, magetsi ndi antchito. Ndipo pali msampha wina umene ndaugweramo: tsiku lotchipa munthu umatola zinthu chifukwa chotchipa basi. Ndidabwerapo ndi madiresi atatu pamene ndidapitira buluku la sukulu. Awiri mwa madiresiwo sindidawavalepo, ndipo ndalama yake ikadagula shuga wa mwezi. Kuyambira pamenepo ndimalemba zimene ndapitira pakapepala, ndipo chimene sichili pamenepo ndimachibwezera pa hang'ala.

Kwa ine shopu imaposa msika pa malaya a kuntchito, masiketi, madiresi ndi makatani, zinthu zofuna kuziona zitatambasuka. Pa nsapato ndi majekete msika umapambanabe, chifukwa kumakhala ogulitsa ambiri a chinthu chimodzi ndipo ukhoza kuyerekeza.

Pafoni: WhatsApp ndi Facebook

Njira iyi yakula msanga. Mtsikana amadzuka m'mamawa, amakasankha pa belo, amachapa, amasita, amajambula chovala chili pa chidole kapena atachivala yekha, n'kuika pa status. Wogula amasankha ali mu ofesi, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu amabwera pa njinga yamoto kapena amakumana m'tauni.

Ndinene mosapsatira: apa simukugula kaunjika wotchipa. Mukugula maso ndi nthawi ya munthu wina, ndipo n'koyenera kuti alipidwe. Chovala chomwecho chimene chidali pa mulu m'mawa chafika kwa inu chitakwera, kuonjezapo ya wonyamula ndi yotumizira ndalama. Kwa namwino wogwira usiku kapena mphunzitsi amene sangachoke pasukulu tsiku lotsegula belo, mtengo umenewo ndi wachilungamo, ndipo umakhalabe pansi pa wa chovala chatsopano cholimba mofanana. Kwa munthu amene ali ndi nthawi koma ndalama yochepa, njirayi ndi yodula.

Vuto lalikulu ndi chithunzi. Kamera imabisa kuyererako kwa nsalu, imasintha mtundu, ndipo siionetsa kuti nsaluyo ndi yopyapyala. Ndidagulapo nsapato za mwana motere kwa munthu amene sindinkamudziwa. Pachithunzi zinali zonyezimira. Zitafika, sabata yachiwiri soli idayasama, ndipo nambala ya wogulitsayo siinkayankhanso. Ndidalipira kawiri, poyamba nsapatozo, kenako wosoka nsapato, ndipo pomaliza ndidakagulabe zina pamsika ndi kakatoni kanga.

Ndiye pafoni ndimagula ndi malamulo anga. Ndimapempha kavidiyo kojambulidwa panja padzuwa, koonetsa m'kati, lebulo ndi soli. Ndimapempha muyeso wa tepi, chiuno ndi kutalika, osati kungoti “medium”. Kwa wogulitsa watsopano sinditumiza ndalama yonse katundu ndisanamuone. Timakumana pamalo pa anthu ambiri, masana. Wogulitsa wokhulupirika sakwiya ndi mafunso amenewa, ndipo ambiri ndi okhulupirika, amadziwa kuti kasitomala mmodzi wokhutira amabweretsa anzake a kuntchito. Wokukakamizani kuti “tumizani msanga, wina akuchifunanso” msiyeni wina uja agule.

Kumene foni imapambana njira zina zonse ndi pa katundu wa m'nyumba wa anthu amene akusamuka. Munthu akamachoka m'dziko kapena kusintha mzinda amafuna kuti zinthu zichoke tsiku lisanakwane, ndipo pamenepo tebulo, mashelefu, mapoto ndi njinga ya mwana zimapita pa mtengo wabwino. Ubwino wake umakaona chinthucho m'nyumba imene chimagwira ntchito.

Belo lonse

Kawirikawiri ndimamva amayi pa gulu la banki m'khonde akuti, “Bwanji tisonkhe tigule belo tigawane, m'malo mopindulitsa mavenda?” Pakamwa zimamveka bwino. Belo lodziwika kwambiri ndi la makilogalamu 45, ndipo ukagawa mtengo wake ndi chiwerengero cha zovala, chimodzi chimaoneka chotchipa zedi.

Koma belo limagulidwa lotseka. Lebulo imangokuuzani mtundu ndi giredi, kuti ndi la ana, la madiresi kapena la majekete. Za m'kati mumaziona mutalipira kale. M'belo labwino zovala zosiririka zimakhala gawo chabe, zapakati zimachuluka, ndipo pansi pamakhala zina zimene ngakhale mwaulere munthu amazengereza kutenga. Venda amapirira zimenezi chifukwa ali ndi makasitomala a misinkhu yonse ndi matumba onse, ndipo amatha kukhala pamsika masiku ambiri mpaka mulu utatha. Ngakhale iyeyo belo lina limamugwetsa, n'kulephera kubweza ndalama yake. Inu muli ndi ana atatu a misinkhu itatu. Mwa zovala zonsezo, zokwana ana anu ndi zingati?

Tidayesapo ndi anzanga atatu. Tidagula belo la zovala za ana, tidalitsegulira pabalaza pa mmodzi wa ife. Mwa ife anayi, atatu ana athu anali aamuna, koma belolo lidachuluka madiresi ndi zovala za makanda. Zabwino za anyamata zinali zochepa, aliyense maso ali pomwepo. Tidachita maere kuti pasakhale kukondera, komabe wina adachoka nkhope itagwa, ndipo padatenga miyezi kuti tiyambenso kuchezerana momasuka. Zotsala zidakhala m'thumba pansi pa bedi mpaka tidazipereka kutchalitchi.

Belo ndi bizinesi. Ngati mukufuna kuyamba malonda, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo yambani mwafunsa amene ali kale m'ntchitoyi kuti ndi malebulo ati amene akutuluka bwino. Ngati cholinga ndi kuveka banja, belo silipulumutsa ndalama. Pokhapo pamene ndingavomereze ndi pa malo a ana ambiri a misinkhu yosiyanasiyana, monga kosungira ana amasiye, kapena pa zinthu zopanda saizi monga mabulangete, zofunda pabedi ndi matawulo, zimene aliyense wosonkha angatenge osadandaula.

Nanga zatsopano zotchipa?

M'matauni mwathu mwadzaza mashopu a zovala ndi nsapato zatsopano zotsika mtengo, zambiri zochokera ku China, zina zodzera ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Zili m'pulasitiki, zikununkhira utsopano, ndipo mwana amazikonda. Kuyerekeza kwake ndimachita ndi masamu osavuta. Tiyerekeze kuti nsapato yatsopano ndi K15,000 ndipo yatha pa teremu imodzi, pamene yachikopa ya kaunjika ndi K25,000 koma yamaliza chaka chonse cha sukulu, materemu atatu. Yoyambayo pa chaka yakudyerani K45,000. Manambalawa ndangoperekera chitsanzo, inu ikanipo a kumsika kwanu, koma funso likhale lomwelo: pa teremu, kapena pa mwezi, chinthuchi chikundidyera zingati?

Sikuti chatsopano chimagonja nthawi zonse. Zovala zam'kati, masokosi ndi matewera ndimagula zatsopano basi, ngakhale zikhale zotchipa chotani pa mulu. Yunifolomu ya sukulu ndimagula nsalu n'kupita nayo kwa telala, ndimamuuza asiye mpendero waukulu woti tidzafutukule mwana akatalika. Chitenje nachonso n'chatsopano. Ndipo kaunjika wa masiku ano si yense wolimba ngati wa kale, chifukwa kumaiko kumene akuchokera anthu nawonso akugula zovala zosachedwa kutha. Lebulo ya kunja payokha si umboni. Gwirani nsaluyo ndi zala. Thonje lokhuthala, ubweya weniweni ndi jinzi yolemera zimadziwika m'manja.

Zamagetsi, mipando ndi matiresi

Apa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri nthawi imodzi, choncho malamulo a zovala sakwanira. Juzi yoipa yakudyerani pang'ono. Firiji yoipa yakudyerani malipiro a mwezi.

Chamagetsi chilichonse chigulidwe pamene pali soketi. Firiji ilumikizidwe inu muli pompo, mudikire mpaka m'kati muzizire, mumvetsere kulira kwa kompuresa, muone ngati labala wa pachitseko akugwira. Wogulitsa akati magetsi azima, bwererani tsiku lina. Akati “yangotha gasi basi”, dziwani kuti gasi satha yekha, pali pamene akutulukira. Yang'ananinso kapepala ka kumbuyo. Magetsi athu ndi a mavoti 230, pamene za ku America zimapangidwira 120 ndipo za ku Japan 100. Ayironi, ketulo kapena makina osokera a mavoti ochepawo mukangowalumikiza popanda chotsitsira mphamvu, apsa nthawi yomweyo.

Pa foni, imbani *#06# kuti nambala ya IMEI, yozindikiritsa foniyo, ituluke, muiyerekeze ndi ya pabokosi kapena pa lisiti. Mwini wake achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona, apo ayi mudzakhala ndi foni yokhomeka. Ikanimo SIM yanu, imbani, jambulani, tchajani. Foni yamakono yotsika mtengo modabwitsa, yopanda bokosi, yopanda tchaja, yogulitsidwa mothamanga pa depoti, kawirikawiri ili ndi mwini wake amene akulira kwinakwake, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Pa zamagetsi, shopu yokhazikika imene ikupatsani lisiti ndi masiku obweza ndi yabwino kuposa munthu wa pamsewu, ngakhale ikwereko.

Mipando yathabwa ndi mabedi ndi zinthu zabwino kwambiri kugula zakale. Tebulo la mlombwa lakale limaposa latsopano la timatabwa topanikiza, limangofuna sandipepa ndi vanishi. Yang'anani ufa wa anankafumbwe pansi pake ndi kugwedera kwa miyendo, ndipo musanalipire funsani kalipentala wa ku Mchesi kapena ku Ndirande kuti latsopano lotere angapange pa zingati. Mapoto achitsulo, mbale ndi masupuni, gulani mosaopa. Koma matiresi ndi sofa zansalu ndimazikana. Nsikidzi zimabisala m'misoko, ndipo zikalowa m'nyumba ndalama ya mankhwala ndi tulo totayika zimaposa zimene mudapulumutsa.

Kwa abale amene ali kunja

Malondawa ali ponseponse, amangosintha dzina. Ku Zambia ndi salaula, ndipo ku Lusaka amadzaza msika wa Soweto. Ku Mozambique amati calamidade. Ku Harare ndi mabhero, ku Mupedzanhamo ku Mbare. Ku Johannesburg amati dunusa, chifukwa cha kuwerama posankha pa mulu, cha ku De Villiers Street. Zonse ndanena za pamsika zimagwira kumeneko. A ku South Africa ali ndi mwayi wina pa zamagetsi, mashopu monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, kumene chinthu amachiyesa ndipo umatuluka ndi lisiti.

Ku Britain ndiye kuchimake. Mashopu a mabungwe othandiza anthu, monga Oxfam, British Heart Foundation ndi Cancer Research UK, ali pafupifupi m'tauni iliyonse, ndipo zina zimene sizigulidwa kumeneko ndi zimene zimamangidwa m'mabelo n'kubwera kuno. Wofika kumene asagule jekete yachisanu yatsopano asanalowe m'mashopu amenewa. Koma wofuna kutumiza kumudzi awerengere kaye mtengo wonyamulira ndi msonkho. Pa zovala wamba nthawi zambiri n'kwabwino kungotumiza ndalama, mayi akasankhe okha ku Limbe zokwana adzukulu awo.

Zikafika pakhomo

Chilichonse chimene ndagula, kaya pamsika, m'shopu kapena kwa wa pafoni amene wati wachapa kale, sichilowa kuchipinda. Chimayamba chaviikidwa m'beseni la madzi otentha ndi sopo, kupatula zaubweya zimene zimafuna madzi ofunda chabe kuti zisakwinyike n'kuchepa. Ndimachapa, ndimayanika padzuwa tsiku lonse chitatembenuzidwa, kenako ndimasita, makamaka m'misoko. Khungu la mwana silichedwa kutola zipere ndi mphere, ndipo mankhwala amene amathira m'mabelo amayabwa ena. Nsapato ndimazipukuta m'kati ndi sipiriti n'kuziika padzuwa.

Chaka chino mndandanda wanga uli motere. Majuzi awiri ndi jekete, kwa mayi anga aja a ku Tsoka, tsiku limene adzandiimbire. Malaya a kuntchito a bambo a kwathu, m'shopu, tsiku la katundu watsopano. Zosewerera za wamng'ono, m'shopu momwemo koma masiku omaliza. Nsapato za sukulu, pamsika, kakatoni kali m'chikwama. Masokosi ndi zam'kati, zatsopano. Firiji imene tikuilakalaka idikire mpaka tipeze wosamuka amene angatilole kuiona ikuzizira m'khitchini mwake.